Hadikava, laputopu kapena cloud: mabuku a bizinesi tiziwasunga pati kuno ku Salima?

Ndimagulitsa mpunga ndi zipangizo za ulimi cha ku Kamuzu Road. Kwa zaka zambiri, ngongole za makasitomala, mitengo ya katundu ndi malipiro a anyamata zonse zinkakhala mu hadikava. Kenako ndinagula laputopu, ndipo pano zambiri ndikusunga pa cloud, kutanthauza pa intaneti. Anzanga a malo ogona alendo ku Senga Bay ndi ena ogula nsomba ku Chipoka akhala akundifunsa kuti chabwino n'chiti. Njira zonse zitatu ndazidutsa, ndiye ndinene mmene ndaonera.

Hadikava sindiinyoza. Siifuna magetsi, siifuna bandulo, ndipo mbava ya pa intaneti singaiwerenge. Koma ndi imodzi yokha basi. Chiswe chikalowa, denga likadontha, kapena madzi akasefukira ngati mmene zinachitikira ku Dwangwa mu 2024, ngongole zonse zapita. Amene munawakongoza sabwera okha kudzakukumbutsani.

Laputopu ndi fulashi zimaoneka ngati chitukuko, koma apa ndi pamene ambiri timagwera. Excel, pulogalamu yolembera ndi kuwerengera manambala, imagwira ntchito popanda netiweki, imawerengera yokha, ndipo zinthu zili m'manja mwanu. Vuto ndi loti fulashi yomweyo ndi imene timapita nayo kokasindikiza makalata, n'kubwerako ndi vairasi imene imabisa mafayilo onse. Kutentha kwa kuno mu Okutobala nakonso sikugwirizana ndi makina, osanenanso za magetsi obwera mwamphamvu akakhala kuti anathima. Ndipo tinene zoona: ambiri fulashi timaiika m'chikwama chomwe muli laputopu. Wakuba akanyamula chikwamacho pa depoti, watenga zonse ziwiri nthawi imodzi.

Tsono cloud. Dzinali limachititsa anthu kuganiza kuti ndi zamatsenga, koma ndi makompyuta a kampani ina, ali m'nyumba zikuluzikulu kunja kwa dziko lino, ndipo inu mumangobwereka malo. Microsoft, mwachitsanzo, ili ndi nyumba zoterezi ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuyambira mu 2019. Laputopu ikabedwa, mumabwereka foni, kulowa mu akaunti yanu, n'kupeza zonse zili momwemo.

Pa makampani atatu odziwika a cloud, malo aulere amasiyana kwambiri. Google Drive imapereka 15 GB, OneDrive ya Microsoft 5 GB, Dropbox 2 GB yokha. Koma 15 GB ya Google musaikhulupirire kwambiri, chifukwa imagawidwa ndi Gmail komanso Google Photos, ndipo kuyambira mu 2024 zosunga za WhatsApp pa foni za Android zimadyanso pomwepo. Mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a maliro akadzaza malowo, maimelo a bizinesi amasiya kulowa. Ine ndinasankhabe Google, chifukwa pafupifupi aliyense wa foni ya Android ali nayo kale akaunti, ndipo Google Sheets, pulogalamu yawo yofanana ndi Excel, imatseguka bwino pa foni yotchipa. Mukaitchera kuti fayilo izipezeka popanda intaneti, mumalembabe netiweki ikasowa, n'kudzazitumiza yokha ikabwera. OneDrive ndi yoyenera ofesi imene inazolowera kale Word ndi Excel, monga sukulu yapulaiveti kapena kampani ya zomangamanga. Dropbox ndinaisiya msanga. Imagwira bwino, koma 2 GB ndi zithunzi za malisiti za miyezi yochepa.

Malo aulere akatha ndi pamene mutu umayamba kuwawa. Kulipira kwake ndi kwa ndalama yakunja, kudzera pa khadi ya banki, mwezi ndi mwezi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira zinthu zotere anazimva m'thumba tsiku lomwelo. Hadi disiki, kachipangizo kosungira mafayilo ngati fulashi yaikulu, mumagula kamodzi n'kuiwala. Pamenepa cloud yagonja.

Za chitetezo ndi zimene ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa anthu amaopa zolakwika. Amafunsa kuti, "Nanga azungu a Google sawerenga ngongole zanga?" Ine chimene chinandipweteka sichinachokere ku America. Akaunti yoyamba ya sitolo ananditsegulira mnyamata amene ankandithandiza, pa nambala yake ya foni. Titasiyana ntchito, nambala yotsimikizira polowa inkapita kwa iye. Ndinachita kukamupepesa kwawo kuti andipatse mabuku anga omwe. Kampani ya cloud inachita ntchito yake bwinobwino: inatseka chitseko kwa munthu amene nambala si yake, ndipo munthuyo ndinali ine.

Ndiye akaunti itsegulidwe m'dzina la mwini bizinesi, pa nambala imene analembetsa ndi chiphaso chake. Antchito muziwapatsa chilolezo pa fayilo imene akuigwiritsa ntchito yokha, kudzera pa imelo yawo, ndipo tsiku limene achoka muwachotse. Pasiwedi isakhale chaka chobadwa kapena dzina la mwana, ndipo yatsani njira ija yoti polowa pazifunikanso chitsimikizo cha pa foni. Achinyengo omwe aja oimba foni kunamizira kuti mwapambana mphoto, kapena kuti atumiza ndalama molakwika pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi omwenso amapempha manambala otsimikizira a akaunti. Wina akakupemphani nambala imene yangolowa kumene pa foni yanu, dulani. Chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kugawa fayilo moti aliyense amene ali ndi linki aitsegule, kenako linkiyo n'kuponyedwa pa gulu la WhatsApp. Mndandanda wa okongola wonse wafika pa msika.

Musaganizenso kuti kusunga pa makina anuanu ndiye kuti mwabisala. Mu Febuluwale 2024, pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kusindikiza kunaima kwa milungu. Kwa a malo ogona alendo amene amajambula ziphaso ndi mapasipoti a alendo, palinso lamulo la mu 2024 loteteza uthenga wa anthu, limene bungwe loona za mauthenga la MACRA likuliyang'anira. Kaya zithunzizo zili pa laputopu ya pa risepushoni kapena pa cloud, zikatuluka wofunsidwa ndinu.

Cloud ilinso ndi timisampha take. Mukafufuta fayilo pa Google Drive, imakhala m'bini masiku 30 kenako imapitiratu. Akaunti ya Google imene yakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito ikhoza kufufutidwa. Ndipo fayilo ikaonongeka pa laputopu imene imatumiza yokha ku cloud, yoonongekayo ndi imene imakwera, ngakhale kuti nthawi zambiri mukhoza kubwezeretsa ya dzulo mukazindikira msanga.

Panopa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndimalemba pa Google Sheets. Loweruka lililonse ndikatseka sitolo, ndimakopera zonse pa hadi disiki imene imagona kunyumba, osati pa sitolo, ndipo siipita kosindikiza. Hadikava ikadalipo pa kauntala, chifukwa mlimi wa ku Lifuwu akatenga matumba pa ngongole amafuna asainire ndi dzanja lake, aone dzina lake papepala.