Mabuku atatu aja, patatha miyezi isanu ndi itatu

Mu Okutobala ndinagula mabuku atatu akale kwa mnyamata wina woyala mabuku pansi ku Limbe, ndipo onse ndinawatamanda mofanana nditangowatsegula, poti chatsopano chimakoma. Tsopano aona dzinja lonse m'nyumba mwanga kuno ku Chitakale, chiperoni chayambanso, ndipo maganizo anga asintha.

Chinyezi cha ku Mulanje sichinyengerera pepala. Buku lalikulu lija, Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, lonena za John Chilembwe, linachita nkhungu pachikuto mu Febuluwale chifukwa ndinaligoneka pashelefu yogundana ndi khoma. Ndinalipukuta, n'kuliyanika pakhonde, likadali bwino. Nthondo la Samuel Josia Ntara ndiye linathothoka masamba, moti ndinachita kulisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Koma pamenepa mvula ndisaiimbe mlandu, bukuli layenda m'manja ambiri.

Lalikululo linanditopetsa poyamba. Masamba ndi oposa 500, Chingerezi chake ncha 1958, ndipo olembawo amachedwa pa Joseph Booth, mmishonale amene Chilembwe ankagwira naye ntchito, mpaka umadzifunsa ngati Chilembwe afikedi. Ndinalisiya kawiri. Nditalibwerera mu Januwale, ana atayamba kufunsa za tchuthi cha pa 15, ndi pamene ndinaona phindu la kuchedwako. Kusukulu tinaloweza kuti pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe a ku Mbombwe anaukira, William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, n'kuphedwa ku Magomero, basi. Palibe anatiuza za kalata imene Chilembwe analembera Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo yosawakhudza. Sindinkadziwanso kuti Malamulo ya ku Thyolo, kumene amayi anga ankapita kuchipatala, inayamba ngati mishoni ya Plainfield ya Booth yemweyo. Ndipo imfa ya Chilembwe pa 3 Febuluwale inachitikira cha kuno kwathu, akuthawira ku malire a Mozambique. Chiwerengereni zimenezo, ndikayang'ana K2,000 ndimaona munthu amene anathamanga m'tchire lomwe lino.

Komabe buku limene ndalikonda koposa ndi lachitatu, Magomero la Landeg White, la 1987, lomwe ndinalitenga ngati pulayizi chabe. Ndi mbiri yeniyeni koma imayenda ngati nthano. Shepperson ndi Price maso awo ali pa mtsogoleri. White akukhala pansi ndi anthu a m'mudzi umodzi, kuyambira nthawi ya Bishopu Mackenzie mu 1861 mpaka zaka za m'ma 1980. M'menemo ndi momwe ndinapeza Alomwe anzanga akuwoloka kuchokera ku Mozambique, n'kupatsidwa pokhala m'esiteti ya A. L. Bruce, malipiro a malowo ali thangata.

Madzulo ena ndinkawamasulira agogo aakazi ndime imeneyi. Anandimvetsera kwa kanthawi, kenaka anandidula.

“Iwe, zimenezo ukuchita kuwerenga m'buku?”

“Eya agogo, mzungu wina analemba.”

Anaseka, n'kuyamba kundiuza za abambo awo ndi kapitawo wa m'munda wa tiyi, za nyumba imene inagwetsedwa chifukwa mwini wake anadwala osapita kuntchito. Zaka zonsezi nkhani imeneyi anali asanandiuzepo. Tinagona nsima itazizira.

Za Nthondo ndinene mosabisa, ngakhale ena akwiye. Chichewa chake nchokoma, chakale, cha ku Nkhoma, chokhala ndi mawu amene ana a masiku ano amachita kufunsa. Linapambana mpikisano mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Pamene Ntara akusimba za moyo wa kumudzi ndi kupulupudza kwa mnyamatayo, sungalisiye. Koma kumapeto umamva fungo la mishoni: munthu woipa atembenuke, nkhani ithe bwino. Nditawerenga kachiwiri mathero ake anandigwira ulesi. Chikhalirecho, ndi lokhali limene anthu a pano amabwereka. Amalume analisunga milungu isanu, mlamu wanga analibweza lili ndi dontho la ndiwo patsamba 40, ndipo panopa lili kwa aphunzitsi ena a ku Luchenza.

Amene ali ndi ndalama ya buku limodzi ayambe ndi Magomero. Lalikululo ligulidwe ndi munthu wodekha, wokhala ndi nyali yabwino, chifukwa zilembo za ndemanga zakumapeto nzazing'ono ngati nyerere ndipo magetsi kuno amazima pamene nkhani yafika pokoma. Ine ndagula kope la masamba 96 lolembamo nkhani za agogo, ndipo Loweruka lililonse ndikumakhala ndi agogo pamkeka. Tafika pa njala ya 1949.