Tabuleti yoyendera nayo ana: patha miyezi 9

Mnzanga wa ku Santhe wandifunsa ngati nayenso agule tabuleti ngati yanga. Funsolo landipeza nditangolipira K25,000 kwa wokonza mafoni, ndiye mawu ena akawawa mundikhululukire.

Ndimayendera sukulu za mkombaphala ndi makomo a ana aang'ono cha ku Chamama. Tabuletiyi ndidagula yakale pa shopu ina pa Kasungu boma. Ndidaikamo KoboCollect, pulogalamu yodzazira mafomu, n'kulowetsamo mafunso a Care for Child Development, ndondomeko ya WHO ndi UNICEF ya kaleredwe ka ana aang'ono: kodi mayi amazindikira mwana akasuntha, amamutonthoza bwanji, amamuletsa motani. Fomu imadzazika popanda netiweki, ndimatumiza ndikafika pa boma. Batire limandifikitsa madzulo. Pamenepo ndilibe nazo mawu.

Chandisowetsa mtendere ndi maikolofoni. Pantchitoyi golide wathu ndi mawu apansipansi: mayi akuswa mtedza, mwana ali kumsana, mwana ati "agu", mayi amuyankhe chapakhosi. Koma chinthuchi chimatola tambala, chigayo, wailesi ya aneba, mwera wa mu Julayi, n'kusiya mayiyo.

Tsiku lina ndidajambula mayi wina atandilola, ine nditakhala patali kuti asachite manyazi. Usiku poonera kanemayo ndidalemba kuti salankhula ndi mwana wake. M'mawa nditafunsa mlezi amene tidali naye, adangogwira pakamwa. "Aphunzitsi, mayi aja amamuimbiratu mwana nthawi yonse ija, inu simudamve?" Ndidaoneranso. Milomo ikuyenda ndithu, mwana akuponda timiyendo motsata nyimbo, mawu zii. Ndikadapanda kufunsa ndikadakalangiza mayi chinthu chimene amachidziwa kundiposa. Ndidakwera kabaza kubwerera kukakonza zolembazo, ndalama ya m'thumba mwanga. Kuyambira pomwepo ndimakhala pamkeka pomwepo ndi cholembera, kanema n'ngongokumbutsa.

Pali tsiku limene ndidaikondanso. Ndidaonetsa bambo wina kanema wa mwana wake akumutsatira ndi maso pamene iye amakonza njinga. Adaonera katatu, kenaka adamunyamula. Tsiku limenelo mukadandifunsa ndikadati gulani ziwiri.

Wogulitsa adandilonjeza pakamwa kuti chikavuta chilichonse m'miyezi 6 ndibwere nayo. Ndidapita mwezi wachinayi. Adauzira pa kabowo ka maikolofoni, adapukuta ndi malaya, nati, "Bwana, ndi fumbi la kumudzi kwanuko." Nditabwereranso adati mwini shopu ali ku Lilongwe. Risiti idangolembedwa mtengo basi, za miyezi 6 zija mulibe. Polowera chaja padafa mwezi wachisanu ndi chitatu, ndiyo K25,000 ija, ndipo maikolofoni akadali momwemo.

Ndiye achimwene a ku Santhe, ngati ndi ya mafomu okha, gulani. Ngati mukufuna mawu, musanatulutse ndalama imani masitepe atatu, munong'one ikujambula, mumvetsere pashopu pomwepo, ndipo lonjezo lilembedwe pa risiti. Ine wokonza wandiuza mtengo wa maikolofoni atsopano, ndamuuza adikire ndigulitse soya.