Ngongole zikakukulirani ku Joni: debt review, administration, ngongole yophatikiza kapena kukambirana nokha?

Amene muli ndi mapepala ogwirira ntchito ku South Africa mukudziwa kuti ngongole kuno imachita kukusakani. Sitolo ya zovala ikutsegulirani akaunti, ya mipando ikupatsani firiji yolipira pang'onopang'ono, banki nayo ikuimbirani kuti pali ndalama zikukudikirani. Kenako kumudzi kwagwa zovuta, fizi ya mwana yafunika, malipiro akangolowa ma debit order aseseratu zonse. Kukadzipereka ku High Court kuti mwalephereratu, kumene kuno amati sequestration, kumafuna ndalama za maloya ndi katundu wogulitsa kuti okongozawo apezepo kanthu. Ambirife sitifikako. Njira zotsala ndi zinayi, ndipo chimene chimasankha si kukula kwa ngongole kokha ayi, koma pamene makalata afika. Masamoni a kukhoti akangokupezani, makomo ena amatsekeka.

Ndiyambe ndi yomwe imakopa ambiri, ngongole yophatikiza. Mukongola ndalama zambiri kamodzi, mutseka tingongole tonse, mutsala ndi malo amodzi olipira. Pamwezi mulipira zochepadi, koma chifukwa zaka zawonjezeka, mwina kufika 6 kapena 7. Pa ngongole yopanda chikole lamulo limalola chiongola dzanja mpaka repo rate (chiongola dzanja chimene banki yaikulu ya dziko imaika) kuphatikiza 21 peresenti, ndiye pamwamba pake pali ndalama yotsegulira, ya mwezi ndi mwezi, ndi inshulansi. Komanso banki imapereka kwa munthu amene dzina lake lidakali loyera ku TransUnion kapena Experian, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, kutanthauza kuti amene wamira kale saipeza. Choopsa chenicheni n'chakuti maakaunti mwamaliza kulipira aja amakhala ali mbee, okonzeka, ndipo Disembala akafika mumawagwiritsanso ntchito. Kumeneko n'kufotsera dzenje pokumba lina lalikulu. Ndingaivomereze kwa munthu amene sanaphonyepo mwezi ndipo atsekeretu maakauntiwo tsiku lomwelo.

Kukambirana nokha ndi okukongozani sikulira ndalama, koma anthu amakuthawa chifukwa cha manyazi. Kalata ya Section 129, yokuchenjezani kuti mwaphonya kulipira, ikafika, muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti muyankhe asanapite kukhoti. Pemphani kulipira zochepa kwa miyezi ingapo, kapena ngati mwapeza ndalama ya stokvel kapena bonasi, auzeni kuti mulipira gawo lalikulu kamodzi afafanize zotsalazo. Makampani amene amagula ngongole zakale amavomera kawirikawiri. Zonse zilembedwe, ndipo mukamaliza tengani paid-up letter, kalata yotsimikiza kuti ngongoleyo yatha. Pali malamulo awiri ofunika kuwadziwa musanaimbe foni. Loyamba ndi la in duplum: pa nthawi imene mwalephera kulipira, chiongola dzanja ndi zolipiritsa zina siziyenera kuposa ngongole yeniyeni imene inatsala. Lachiwiri: ngongole wamba ikatha zaka 3 osalipirako, osaivomereza, komanso osalandira masamoni, yafa, ndipo kuyambira 2015 n'kulakwa kuitolera. Ndiye wina akakuimbirani za akaunti yakalekale kuti "ingoperekani R50 tione mtima wanu", chenjerani, chifukwa zaka zitatuzo zikakhala zisanakwane, R50 imeneyo imayambitsanso kuwerenga. Ngongole ya nyumba ndi imene khoti linagamula kale zimatenga zaka 30. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti palibe chokutetezani. Anayi angavomere, wachisanu n'kukusumirani.

Chitetezo chimenecho chili mu debt review, yomwe inayamba mu 2007 pansi pa National Credit Act ya 2005. Mumapita kwa debt counsellor wolembetsedwa ku National Credit Regulator (NCR), bungwe loyang'anira za ngongole. Funsani nambala yake, imayamba ndi NCRDC. Iye amaona malipiro anu, n'kuchotsapo lendi, chakudya ndi thiransipoti, zotsalazo n'kugawira okukongozani. Ambiri a iwo amatsitsa chiongola dzanja. Dongosololi limakatsimikizidwa kwa majisitireti kapena ku National Consumer Tribunal, ndipo inu mumalipira kamodzi pamwezi kudzera ku bungwe logawa ndalamazo. Malinga mukulipira, galimoto kapena nyumba salanda. Kwa dalaivala amene galimotoyo ndiye khasu lake, phindu lake lalikulu ndi limeneli.

Koma musalowemo chimbulimbuli. Ndalama ya mwezi woyamba imapita kwa counsellor, pali ya loya, ndiye 5 peresenti mwezi uliwonse. Simuloledwa kukongola kulikonse, ngakhale foni ya kontrakiti imavuta, mpaka mutalandira clearance certificate, chikalata chosonyeza kuti mwamaliza, ndipo kwa ambiri zimenezi zimatenga zaka 3 mpaka 5. Khoti likagamula simungangotulukamo poti mwatopa nazo. Otsatsa pa Facebook kuti akuchotsani m'masiku ochepa, asiyeni. Ngongole imene masamoni ake anatuluka kale siilowamo. Mukaphonya mwezi chitetezo chingathe. Wopanda ntchito sangalowe, chifukwa palibe chogawa. Ndipo popanga bajeti musabise kuti mumatumiza ndalama kumudzi. Mukabisa mudzavomera ndalama imene simungaikwanitse, mayi akadzaimba kuti feteleza wafunika dongosolo lonse n'kugwa. Amene mukuganiza zobwerera kwathu chaka chamawa, werengani bwino zaka zisanuzo.

Administration ndi njira yakale, ya mu Section 74 ya Magistrates' Courts Act ya 1944, ndipo ndi ya ngongole zosaposa R50,000 zonse pamodzi. Khoti limaika munthu woyendetsa amene mumamulipira, iye n'kumagawira okukongozani. Ubwino wake ndi umodzi: imalandira zimene debt review imakana, monga bilu ya dokotala kapena ngongole yogamulidwa kale. Koma woyendetsayo amatapapo mpaka 12.5 peresenti, okongoza amalandira pakatha miyezi itatu chiongola dzanja chikukwerabe, ndipo oyendetsawa alibe bungwe lowayang'anira ngati mmene NCR imachitira ndi ma counsellor. Ine ndimaiika kumapeto.

Nanga mashonisa, katapila wa kuno? Iyeyu salowa m'dongosolo lililonse mwa awa. Ngati sanalembetse ku NCR, ngongole yake ndi yosaloledwa mwalamulo, ndipo kusunga khadi lanu la kubanki, PIN kapena chiphaso ndi mlandu. Zoona zake n'zakuti iye sadalira khoti, amadziwa pamene mumagona. Mumalizeni msanga, tsegulani akaunti ina yolandirira malipiro, ndipo musamukongolenso kuti mulipire banki.

Ndiye kusankha kwake: ngongole ziwiri kapena zitatu, mwaphonya mwezi umodzi, imbani foni nokha sabata ino. Ngongole zambiri, ntchito ilipo, pali galimoto kapena nyumba yoteteza, pitani ku debt review kalata ya Section 129 isanasanduke masamoni. Ngati abwana ayamba kale kudula malipiro anu ndi garnishee, chilolezo cha khoti chodulira ngongole pa malipiro, pitani ku Legal Aid South Africa, thandizo lawo ndi laulere kwa opeza zochepa. Akaone ngati majisitireti anasainadi, monga Constitutional Court inalamulira mu 2016, komanso ngati zodulidwazo sizikuposa 25 peresenti ya malipiro anu.