Camelot, piano roll, manambala kapena manotsi: kwa DJ ndi pulodyusa bola chiti?

Mkangano uwu sutha ndithu. Wina amati DJ kapena pulodyusa amene satha kuwerenga manotsi si katswiri, amangodina mabatani basi, winanso nkumati theory imapha luso, ukangoiphunzira mabiti ako ayamba kuzizira. Ine ndimaona kuti onsewa akusakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Kuwerenga manotsi a pa mizere isanu ija ndi nkhani ina, kudziwa chifukwa chake besi yanu ikulimbana ndi ma chord ndi nkhani inanso. Alipo anthu amawerenga pepala bwinobwino koma muwauze kuti apeze key ya nyimbo yomwe ikulira pa sipika, thukuta kamukamu. Ndiye alipo ena pepalalo sanaligwirepo koma akangomva ma bar awiri akuuzani kuti iyi ili mu F minor. Nde tiyeni njira zomwe anthu amadutsazi tiziike pamodzi, tione iliyonse ikupatsani chani ndipo ikakusiyani pati.

Ma DJ ambiri amayambira pa Camelot. Anaikonza ndi Mark Davis, koma inafala kwambiri ndi pulogalamu ya Mixed In Key yomwe inatuluka mu 2006. Nzeru yake ndi yosavuta, ma key onse 24 anawaika mozungulira ngati manambala a pa wotchi, 1 mpaka 12, chilembo A kutanthauza minor, B kutanthauza major. A minor ndi 8A, C major ndi 8B. Ngati yomwe ikulira ndi 8A, yotsatira mutha kutenga 8A inzake, 7A, 9A kapena 8B ndipo sizigundana. Zatha pamenepo, madzulo amodzi mwaidziwa. Mapulogalamu a ma DJ monga Rekordbox ndi Serato amakuonetsani key pambali pa nyimbo iliyonse, Traktor ili ndi kalembedwe kake ka Open Key komwe A minor yomweyo ndi 1m, nzeru ndi imodzimodzi angosuntha manambala.

Chomwe chimandiseketsa nchakuti DJ amene amanyadira kuti ine za theory ayi, tsiku lililonse akugwiritsa ntchito circle of fifths osadziwa, chifukwa Camelot ndi yomweyo angoiveka manambala. Kuchoka pa 8A kupita pa 9A ndi kuchoka pa A minor kupita pa E minor, ndipo ma scale awiriwa amasiyana note imodzi yokha, F imasanduka F sharp. Nchifukwa chake khutu silidandaula.

Koma Camelot ili ndi malire ake ndipo amafika msanga. Choyamba pulogalamu imalakwitsa, makamaka nyimbo ikakhala ya ng'oma zambiri ma chord ochepa, kapena yosintha key pakati, imangokupatsani nambala imodzi molimba mtima ngati ikudziwa. Chachiwiri ndi pitch. Mukathamangitsa nyimbo ndi pafupifupi 6% key lock (batani logwira key kuti isasinthe) ili yozimitsa, yakwera semitone yathunthu (sitepe imodzi pa kiyibodi), 8A yanu ija tsopano ndi B flat minor, pa Camelot ndi 3A, kutalitali ndi nambala yomwe ikuoneka pa sikirini. Pa turntable ya Technics SL-1200 pitch imafika 8% mbali zonse ndiye oyimbitsa ma vinyl izi amazidziwa ndi khutu kalekale. Pa ma CDJ, makina a digito oyimbitsira ma DJ, batani la Master Tempo limagwira key, komano mukaikoka kwambiri mawu amayamba kumveka ophwanyika. Munthu amene amangodziwa manambala apa amasokonezeka, amati koma zonse ndi 8A bwanji zikumveka zonyansa. Ndipo pali matenda ena, DJ kusiya nyimbo yomwe anthu akuifuna nthawi imeneyo chifukwa eti nambala sizikugwirizana, pomwe nyimboyo imayamba ndi ng'oma zokhazokha ma bar 16, palibe chomwe chikanagundana.

Kunena zoona, kwa DJ theory yofunika kuposa key ndi kuwerenga ma bar, kungoti anthu saitcha theory. Nyimbo zovina zambiri zili mu 4/4 ndipo zimasintha pakatha ma bar 8, 16 kapena 32. Pa 120 BPM (ma beat 120 pa mphindi) bar imodzi ndi masekondi 2, ma bar 32 ndi masekondi 64. Mukalowetsa nyimbo yatsopano pa wani wa phrase (poyambira pa gulu la ma bar amenewa), besi ya iyi imachoka pomwe ya inayo ikulowa, zimakhala ngati nyimbo imodzi. Mukaphonya ndi ma bar awiri okha, olo ma key agwirizane bwanji, olo sync igwire bwanji, ovina amamva kuti china chake chapindika ngakhale sangakuuzeni kuti nchani. Pakati pa DJ wodziwa ma bar koma osadziwa key ndi wodziwa key koma osawerenga ma bar, ine ndikavina kwa woyambayo.

Tibwere kwa apulodyusa. Ambiri sukulu yawo ndi piano roll, kaya mu FL Studio kaya mu Ableton Live, ndipo anthu a manotsi asamaipeputse chifukwa nayonso ndi kalembedwe ka nyimbo, mmwamba ndi mmunsi ndi kukwera kwa mawu, kumanja ndi nthawi. Penapake imaposa pepala kumene. MIDI, njira yomwe zida ndi makompyuta zimatumizirana ma note, yomwe inabwera mu 1983, imasunga mphamvu yomwe mwamenyera note iliyonse kuyambira 0 mpaka 127, ndipo pa piano roll mutha kukankha snare pang'ono pokha kuti ichedwe. J Dilla, pulodyusa wa hip hop wa ku America, anatchuka ndi zimenezi, kuzimitsa quantize (yomwe imawongolera ma note pa nthawi yake) pa makina ake opangira mabiti a MPC3000 ng'oma nkumayenda mopendama koma mokoma, ndipo makinawo pano ali ku myuziyamu ya Smithsonian ku Washington. Kuti mulembe kapendamidwe kameneko pa mizere isanu mungavutike zedi, pepala limakonda zinthu zogawika bwino.

FL Studio imatha kukuwalitsirani ma note a mu scale yomwe mwasankha, Ableton nayo inaika zimenezi mu Live 11 mu 2021. Zothandiza kwa oyamba, palibe angatsutse. Vuto ndi loti zimakuuzani note yomwe si yolakwika, sizikuuzani note yomwe ili yabwino. Mutha kudina mizere yowala yokhayokha nkutuluka ndi melody yoti siikupita kulikonse, ndipo simudzayerekeza kutuluka mu scale, pomwe zokoma zambiri zili kunjako, monga mu A minor kuimba E major mmalo mwa E minor, G sharp ija imakoka khutu kubwerera ku A mwamphamvu. Pulogalamu ikuonetsani G sharp ngati mzere wakuda woletsedwa. Uku ndi komwe kumachokera ma loop a ma bar 8 odzadza mu laputopu osatha kukhala nyimbo, munthu sakudziwa kuti akachoka pa ma chord anayiwa apite kuti.

Ndipo onani ichi chomwe chimachitika kawirikawiri ndi 808, besi yozama ija ya m'mabiti. Ma chord anu ali mu A minor, mwakoka sample ya 808, mwaika note pa A mu piano roll, pa maso zonse zili bwino. Koma sampler ikuganiza kuti sample ija ndi C pomwe amene anaijambula anaijambula pa E. Ndiye chilichonse chomwe mwalemba chikutuluka ma semitone 4 pamwamba, A wanu uja akulira C sharp, pansi pa chord yomwe ili ndi C wamba. Pa mahedifoni ang'onoang'ono simumva bwino chifukwa mawuwo ali pansi kwambiri, pa masipika akulu nde matope okhaokha, munthu nkuyamba kulimbana ndi EQ usiku wonse pomwe vuto si mix. Wodziwa amangoikweza 808 ija ma octave awiri, kuimvera pamodzi ndi piano kapena kuiika pa tuner, kukonza root note, basi. Log drum ya amapiano ndi chimodzimodzi, dzina ndi la ng'oma koma ili ndi note yake. Kanthu kenanso kosokoneza, note 60 ya MIDI yomwe ndi C wapakati, FL Studio imaitcha C5, Ableton imaitcha C3, mabuku ambiri amati C4, ndiye mukamatsatira phunziro la munthu wa pulogalamu ina musadabwe besi yanu ikamveka ngati kambalame.

Njira yomwe ine ndimaiikira kumbuyo ndi ya manambala. Mmalo moloweza kuti C, G, A minor, F, mumaganiza kuti 1, 5, 6, 4. Mukapita mu G manambala omwewo akupatsani G, D, E minor, C. Oyimba a mu situdiyo za ku Nashville ku America akhala akulemba chonchi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anayambitsa ndi Neal Matthews Jr. wa gulu la Jordanaires, chifukwa woyimba akati apa pandikwerera tsitsani, palibe nthawi yolembanso pepala lonse. Sol-fa ya d r m f s l t, ija anaikonza Sarah Glover nkuifalitsa John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1800, maganizo ake ndi omwewo, do amasuntha ndi key. Ndiye ngati munaimbapo mu kwaya ya sol-fa muli kale patsogolo kuposa mmene mukudziwonera, mi ndi 3, so ndi 5, la ndi 6, mwangotsala kuzilumikiza ndi kiyibodi.

Ubwino wake waukulu ndi woti imaphunzitsa khutu, zomwe Camelot ndi mizere yowala ija sizichita. Pakapita nthawi mumayamba kumva kuti apa nyimbo yapita pa 4, apa yabwerera kwawo pa 1, osagwira chida chilichonse. Ndipo zofunika kuloweza si zambiri ayi. Chord ya major ndi note yoyamba, kuwerenga ma semitone 4, kenako 7. Ya minor ndi 3 ndi 7. Mu scale ya major 1, 4 ndi 5 ndi ma major, 2, 3 ndi 6 ndi ma minor. Onjezani ma inversion, mwachitsanzo kuchoka pa C E G kupita pa F, mmalo modumpha ndi dzanja lonse kukagwira F A C mumasiya C pomwepo nkusuntha zala ziwiri kukhala C F A, pad yanu imangoyenda myaa. Zimenezi zokha zimasintha biti kuposa plugin yatsopano. Kuipa kwake, siyichedwa kumveka pa pepala koma khutu limafuna miyezi, tsiku ndi tsiku kutenga nyimbo nkumafufuza ma chord ake nokha. Siyikuuzaninso zambiri za rhythm, ndipo pa nyimbo za minor anthu amasiyana, ena chord ya kwawo amaitcha 1 ena amaitcha 6, mugwirizane kaye musanayambe kujambula.

Nanga manotsi enieni a mizere isanu? Kalembedwe aka mizu yake ili kwa Guido wa ku Arezzo m'zaka za m'ma 1000, ndipo kanapangidwa kuti munthu aimbe nyimbo yomwe sanaimvepo. Funso ndi lomwelo, kodi mu ntchito yanu alipo munthu ofunika aimbe zomwe sanazimve? Ngati muli nokha ndi laputopu, palibe, mumangodina play. Koma tsiku lomwe mwaitana anthu a violin anayi kapena a malipenga ndipo situdiyo ikuwerenga maola, piano roll siwathandiza. Paul McCartney wa gulu la Beatles wanena poyera kuti sawerenga manotsi, zoona, koma anthu akamamutchula amaiwala kuti pambali pake panali pulodyusa wawo George Martin amene ankalembera manotsi oyimba ma violin. Wina amayenera kudziwa basi, kaya ndinu kaya mumulipira. Pulodyusa Quincy Jones anakaphunzira kwa mphunzitsi wa nyimbo Nadia Boulanger ku Paris mu 1957, Floating Points yemwe ndi DJ komanso pulodyusa anaphunzira piano ku sukulu ya nyimbo ya Chetham's ku Manchester ndipo mu 2021 anatulutsa chimbale ndi Pharoah Sanders pamodzi ndi London Symphony Orchestra. Zitseko ngati zimenezo, komanso za nyimbo za mafilimu, zimatseguka mosavuta kwa owerenga.

Mwina mukuti pulogalamu indilembera. Logic ndi Cubase zili ndi score editor, MuseScore ndi yaulere ndipo imalandira MIDI, koma mukaiponyera MIDI yosapanga quantize imatulutsa chipwirikiti choti woyimba angokuyang'anani. Ndipo muyenera kudziwa kuti trumpet wamba ikawerenga C imalira B flat, alto sax ikawerenga C imalira E flat, mukawapatsa pepala la piano mmene lilili aliyense alowera kwake. Apa pali magawo awiri omwe anthu amawaphatikiza nkuchita mantha. Kuwerenga pang'onopang'ono, note imodziimodzi, kuti muone ngati pepala lili bwino, masabata ochepa akwana. Kuwerenga uku mukuimba nthawi yomweyo ndi ntchito ya zaka, ndipo pulodyusa wamba safunika kufika pamenepo.

Za khutu lokha sindichedwapo, aliyense amalifuna ndipo njira zonsezi popanda ilo nzachabe. Kungoti khutu lopanda mayina limachedwetsa, mukumva kuti china chalakwika koma kuti mumuuze wa gitala mumangoti pamene paja, ayi osati apo, kwezani pang'ono, ola latha.

Ndiye kwa ine, ngati ndinu DJ basi, ma bar kaye, Camelot pambuyo, ndipo muzidziwa dzina la key lomwe lili kuseri kwa nambala. Ngati mumapanga mabiti, piano roll muli nayo kale, onjezani manambala ndi kakiyibodi olo ka ma key 25, manotsi adikire mpaka ntchito itawafuna. Ovutika ndi amene ali pakati, DJ amene wayamba kupanga ma mashup ndi ma remix, chifukwa apa Camelot imamuthawa. Acapella (mawu a woyimba okhaokha) ndi biti zonse zitha kulembedwa 8A, koma ngati woyimba akukhazikika pa E nthawi yomwe biti yapita pa chord ya F major ndi besi pa F, zimakhulana, ndipo nambala ija siinena kanthu za chord iti ikubwera pa bar iti. Pamenepo muyenera kukhala pansi, kupeza ma chord a nyimbo yoyambirira bar ndi bar, kenako kusankha kuti musuntha acapella kapena mulembanso besi.