Kope kapena foni: nkhani uilembere pati?

Ndakhala ndikulemba nkhani zazifupi m'njira ziwirizi, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake.

Kope silidalira magetsi. Akathima, ndimayatsa kandulo n'kupitiriza. Dzanja limayenda pang'onopang'ono, choncho chiganizo chimayamba chapsa m'mutu chisanafike papepala. Chimene ndimalikondera kwambiri n'chakuti mawu amene ndawakhwatcha amaonekabe, ndipo kawirikawiri pakatha sabata ndimabwerera kukatola omwewo. Vuto lake, pamapeto uyenera kutaipa zonse. Komanso mvula ya mu Januwale inandinyowetsera kope m'chikwama, inki n'kufalikira masamba 8, ndipo mtima umandipwetekabe.

Foni ndi yachangu. M'minibasi yochokera ku Limbe, kondakitala akamuyankha mayi wina mawu okoma, ndimawalemba pomwepo asanandithawe. Kutumiza kwa mkonzi n'kosavutanso. Koma foni imasandutsa mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi osakufunsa, ndipo uthenga wa WhatsApp ukangolowa, ganizo lija laduka.

Ine mawu a anthu ndimatolera pafoni. Nkhani yeniyeniyo, makamaka ndime yoyamba, ndimaiyambira m'kope, foni ili kuchipinda china.