Orthanc, XNAT kapena hard drive: zithunzi za kafukufuku tizisunge pati?

Kwa anzanga amene mukujambula zikhodzodzo za ana ndi ultrasound m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota pofufuza likodzo, njira zosungira zithunzi zilipo zitatu, ndipo sizilemera mofanana.

Hard drive yodzaza mafoda ndi yotchipa, siifuna intaneti. Koma dongosolo lake lonse limakhala m'mutu mwa munthu m'modzi, iye akachoka ntchito mwasokonekera. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti imazoloweretsa anthu kusunga zithunzi wamba za JPEG m'malo mwa DICOM, mtundu wa fayilo wa zithunzi za chipatala, ena mpaka kutumizirana pa WhatsApp. Fayilo ya DICOM imanyamula mkati mwake kukula kwenikweni kwa kadontho kalikonse ka chithunzi, makina amene anajambula ndi tsiku lake. N'zimenezi zimene zimalola katswiri wa ku Blantyre kuyezanso m'mamilimita kukhuthala kwa khoma la chikhodzodzo. JPEG imataya zonsezi, mumatsala ndi chithunzi chongoyang'ana.

Orthanc, pulogalamu yosungira mafayilo a DICOM, inayambitsidwa ndi Sébastien Jodogne ku Liège, m'dziko la Belgium, mu 2012. Ndi yaulere, ndiponso yopepuka moti imayenda pa laputopu wamba, ngakhale pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Makina ojambulira amatumiza DICOM mwachindunji, iyo n'kusanja yokha. Magetsi akathima, batire la laputopu likugwirirani. Vuto lake, inapangidwa ndi maganizo a chipatala: imadziwa wodwala, osati kafukufuku. Chiwerengero cha mazira mu mkodzo, zaka za mwana, chilolezo cha makolo, zonsezo muzisunga kwina, monga mu REDCap, pulogalamu yosungira mayankho a kafukufuku, n'kumalumikiza ndi nambala ya mwana. Nambala ikalakwika kamodzi, mwana wa ku Dwangwa watenga chikhodzodzo cha mnzake.

XNAT, pulogalamu ya ku Washington University ku St. Louis, m'dziko la America, ndiyo inamangidwira ofufuza. Imagawa zithunzi potsata kafukufuku, imasankha woona ndi wosaona, ndipo zotsatira za kuyeza zimakhala limodzi ndi chithunzi chake. Nayonso ndi yaulere, koma imafuna seva (kompyuta yaikulu yoyaka nthawi zonse), mapulogalamu ena monga Java, Tomcat ndi PostgreSQL, komanso munthu woilera tsiku ndi tsiku. Ngati munthuyo mulibe, musayerekeze.

Ine ndingati: ngati mukujambula malo amodzi, tengani Orthanc, hard drive ikhale yosungira kope lachiwiri, m'nyumba ina. Kafukufuku akafika ku Salima ndi ku Mangochi, oyeza n'kukhala angapo, XNAT ikhale pakati, Orthanc izitolera kumidzi.

Pali msampha umodzi umene zonse zitatu sizikupulumutsani zokha. Orthanc ndi XNAT zimatha kufufuta dzina lolembedwa m'kati mwa fayilo, koma makina ambiri a ultrasound amadinda dzinalo pachithunzi penipeni, pamwamba, ndipo limatsala. Musanajambule mwana, lembani pa makinawo nambala yake ya kafukufuku, osati dzina. Pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhale mu kabati yokhoma, monga munalonjezera a COMREC kapena a NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, popempha chilolezo.