Laputopu ya ex-UK yophunzirira animation: chaka chatha, nayi nkhani yake

Lisiti ya amisiri ili pano patebulo, K68,000, ndipo ndi imene yandibweza kudzalembanso za laputopu yomwe ndinaitamanda nditangoigula mu Juni 2024. Kwa amene simunawerenge zija, ndi laputopu ya gemu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya ex-UK, purosesa ya Core i5, RAM ya 8GB, SSD ya 512GB, khadi ya zithunzi ya GTX 1650 ya 4GB. Ndinaigula K950,000 pa shopu ina ku Limbe, ndalama zomwe achimwene anga a ku Johannesburg anatumiza kuphatikiza ndi zanga za maganyu ojambula maposita. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye yatsopano yamphamvu ngati imeneyi sinali nkhani yoti n'kuiganizira. Cholinga chinali chimodzi, kuti ndiziphunzira animation (zojambula zoyenda) ndi VFX (kuonjezera zinthu zopangidwa pakompyuta m'vidiyo) kunyumba m'malo molimbirana makompyuta a kusukulu.

Zoyenda bwino ndizidutsa msanga. Kiyibodi ili ndi manambala a kumbali, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito Blender, pulogalamu yopangira animation ya 3D, akudziwa phindu lake: 1 kuona kutsogolo, 3 m'mbali, 7 pamwamba, 0 kulowa m'kamera. SSD sinandivutepo. Mahinji akadali olimba. RAM ndinaonjezera kufika 16GB pa K45,000, mpata wake unalipo kale, ndipo kuyambira pamenepo Blender ndi Krita, pulogalamu yojambulira zithunzi, zimatseguka limodzi popanda kutsamwa. Sikirini ndi yapakatikati, mitundu yake ndi yozilala, moti chobiriwira chomwe chimaoneka chofatsa pano chimakafika pa foni chili chothobwa m'maso. Ndinangozolowera kuponya chithunzi pa foni ndisanati ndamaliza. Masipika ndi achabechabe, koma palibe amene amagulira laputopu masipika.

Miyezi yoyambirira zonse zinali myaa, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Ntchito za woyamba kumene sizilemetsa makina. Umayamba ndi mpira wodumpha, kuphunzira kuti ukamenya pansi ufwafwantike pang'ono, ukamanyamuka utambasuke, ndi kuti mafulemu, zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga filimu, azithinana pamwamba pomwe mpira ukuchedwa, n'kutalikirana pomwe ukuthamanga. Kenako munthu woyenda, masitepe awiri m'mafulemu 24, chiuno chizitsika ndi kukwera. Ndinathera masabata mu graph editor ndikuwongola mizere yokhotakhota yosonyeza kayendedwe ka chinthu, komanso mu Grease Pencil ndikujambula zithunzi 12 pa sekondi iliyonse, chilichonse n'kukhala mafulemu awiri. Zonsezi ngakhale laputopu ya muofesi ikhoza kuchita. Kuonjezera apo inali nyengo ya chiperoni, Blantyre yense ali m'majuzi. Makina otentha sungawadziwe mu Julayi.

Vuto linatuluka kumapeto kwa Seputembala, titapatsidwa ntchito yoyamba yeniyeni, kafilimu ka masekondi 30 ka 3D. Ine ndinapanga ka mayi wogulitsa mandasi pa depoti, ndi beseni lake, nyali ya pamsewu ikuwala pa pulasitiki yophimbira. Ndinafuna kuwala kuoneke kwenikweni, ndiye ndinasankha Cycles, injini ya mu Blender yochitira render, kutanthauza kutulutsa zithunzi zomalizidwa kuchokera mu 3D. Masamu ake ndi osavuta koma ndi owawa. Mafulemu 24 pa sekondi, masekondi 30, ndi mafulemu 720. Fulemu imodzi inkatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Ndiye kuti maola 24 laputopu ikugwira ntchito osapuma, kuno komwe magetsi sachedwa kuthima.

Magetsiwo ndinali nditawakonzekera. Aphunzitsi anatichenjeza kale kuti tisamachite render molunjika ku MP4, chifukwa ikadukira panjira fayilo yonse imaonongeka. Timatulutsa fulemu iliyonse payokha ngati PNG, n'kuchotsa chizindikiro pa Overwrite, kuti ukayatsanso Blender idumphe zomwe zatha kale n'kupitiriza pomwe inalekera. Chomwe sindinakonzekere n'chakuti laputopu izizima yokha magetsi alipo.

Zinkachitika motere. Ndikadina render, mphindi zochepa fani yayamba kulira, kulira kwenikweni, mpaka tsiku lina amayi eni nyumba anagogoda n'kufunsa kuti, "Mwanangu, mwatsegula chigayo m'chipindamo?" Kumanzere kwa kiyibodi kunkatentha moti sungasiyepo dzanja. Mafulemu oyamba amatha m'mphindi ziwiri, kenako zitatu, kenako zinayi. Ikatha ola ndi theka kapena awiri, sikirini bii, popanda uthenga uliwonse. Ndinaika HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa makina, kuti ndione, purosesa inkafika madigiri 98 ndi 99, malire omwe imayamba kudzichepetsa liwiro kuti isapse. Chachiwiri chomwe chinandiimitsa mutu n'chakuti batire inkatsika chaja ili cholumikiza. Ndikuyamba render pa 100 peresenti, pakati pa usiku ndikupeza 30, nyali ya chaja ikuyaka bwinobwino.

Ndinabwerera ku Limbe nayo. Mwini shopu, bambo wansangala amene tsiku logula ankanditchula kuti "bwana wa ma cartoon", anaiyatsa, n'kutsegula YouTube, n'kuitembenuzira kwa ine.

"Achimwene, mukuona? Ikuyenda bwinobwino. Makina a gemu amatentha, ndi chibadwa chake."

Ndinawakumbutsa za waranti ya miyezi itatu. Anawerenga pa zala kuchokera Juni n'kunena kuti yatha sabata yapitayo, ndipo pa lisiti panalibe mawu oti waranti, panangolembedwa "laptop 1" ndi mtengo. Ndinawafunsanso za uthenga umene unkatuluka poyatsa, wonena kuti ndilumikize chaja yamphamvu kuposa imeneyi. Tsiku logula anali atandiuza kuti ndi zovuta za Windows, ndizingodina OK. Anabwerezanso zomwezo, akuyang'ana kasitomala wina. Ndinatuluka m'shopumo mtima ukuwawa, ndipo mu minibasi yobwerera ndinali nditalemba kale malonda oti ndiigulitse pa Facebook. Sindinawatumize, chifukwa ndalama yomwe ndikanapeza sikanagula ina.

Ndiye ndinaphunzira kukhala nayo. Ndinaikweza pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzilowa pansi. Render ndinkachita usiku wokha, zenera lotsegula, mafulemu 60 kenako n'kuipumitsa. Ma sample, omwe akachuluka chithunzi chimayera koma render n'kumachedwa, ndinawatsitsa kuchoka pa 1,024 kufika pa 128 n'kuyatsa denoise yochotsa timadontho, ndipo kunena zoona kusiyana kwake sikuoneka pa foni pomwe anthu ambiri adzaonere. Kafilimu ka mandasi kanatha mochedwa, koma kanatha.

Chabwino chomwe chinatuluka m'mavutowa n'chakuti ndinakakamizika kuphunzira Eevee, injini ina ya render ya mu Blender yomwe imagwira ntchito mofanana ndi za magemu. Poyamba ndinkaiderera ngati ya anthu aulesi. Fulemu yomwe Cycles inkaichita mphindi ziwiri, Eevee inkaimaliza m'masekondi ochepa, koma imafuna kuti iweyo udziwe kuika nyali, chifukwa siikuchitira zonse. Ukaika molakwa, mithunzi imaoneka yabodza nthawi yomweyo. Ndinaphunzira zambiri za kuwala m'miyezi imeneyo kuposa nthawi ina iliyonse. Mu Marichi 2025 filimu ya ku Latvia ya mphaka wothawa chigumula, yopangidwa ndi Blender ndipo render yake inachitidwa ndi Eevee yemweyo, inapambana Oscar ya filimu ya animation. Sabata imeneyo laputopu yanga ndinkaikonda ngati mwana. Pulogalamu yaulere, makina a kaunjika, ndipo njira ndi yomweyo.

Chikondicho chinatha titafika pa VFX. Ntchito inali yojambula mnzanga ndi foni ataima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira yomwe tinagula mumsika, n'kumuika pamwamba pa nyumba ya 3D. Izi zili ndi mavuto akeake omwe si a laputopu. Nsalu ikakhala ndi makwinya keying, yomwe ndi kuchotsa chobiriwiracho m'vidiyo, imasiya zigamba, munthu akayandikira nsalu kwambiri chobiriwira chimamuwalira m'makutu ndi m'mapewa, ndipo foni zambiri zimajambula ndi liwiro la mafulemu losinthasintha, moti uyenera kudutsitsa vidiyo mu pulogalamu ya HandBrake kuti likhazikike usanayambe tracking, yomwe ndi kulondola timadontho m'vidiyo kuti 3D igwirizane ndi kayendedwe ka kamera, apo ayi timadontho tako timatsetsereka. Zonsezo ndinalimbana nazo. Koma pofika Meyi laputopu inayamba kuzima ngakhale ndikungochita tracking, kunja kukuzizira. Kulira kwa fani kunasintha, kunabwera kaphokoso kokhulana, kenako tsiku lina kunangoti zii, kutentha kokha n'kumapitirira. Inazima ndili pakati pokonza m'mphepete mwa tsitsi la mnzangayo, ntchito ya madzulo onse. Autosave inapulumutsa zambiri, koma zinandikwana.

Amisiri amene ndinawapeza ndi bambo wachikulire wokhala m'kachipinda kodzaza ma motherboard, wosalankhula zambiri. Anaitsegula ine ndikuona. M'kati muli mafani awiri. Imodzi inali itafa posachedwa. Inayo, ya mbali ya khadi ya zithunzi, anaizunguza ndi chala n'kundionetsa kuti mapiko awiri anathyoka kalekale, wina n'kumatapo guluu. Pa tizitsulo totulutsira kutentha panali fumbi lolukana lomwe analisenda lonse nthawi imodzi, ndipo thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, inali itauma gwa mpaka kumasweka. Anati imeneyi sinasinthidwepo chichokereni ku fakitale.

Kenako anapempha chaja. Anatembenuza laputopu n'kuloza kapepala ka pansi: 19.5V, 7.7A. Anatembenuza chaja: 19.5V, 3.33A.

"Mwana wanga, chulukitsani nokha pa foni yanuyo."

Laputopu imafuna mawati 150. Chaja yomwe ndinapatsidwa ku Limbe ndi ya mawati 65, ya laputopu ya muofesi, kamutu kake kokha ndi komwe kamalowa. Pa YouTube ndi Word imakwanira. Ukayatsa render, makina amakoka zotsalazo mu batire, ndipo batire ikatha amazima. Ndiye kuzima kuja kunali ndi magwero awiri, kwina kutentha, kwina batire kuuma, ndipo onse awiri anali m'katimo tsiku lomwe ndinapereka ndalama. Uthenga uja wondiuza kudina OK unkanena zoona kuyambira tsiku loyamba.

Mafani awiri, paste ndi ntchito ndiye K68,000 ija. Chaja yoyenera, nayonso yogwiritsidwapo kale ntchito, K85,000. Nditafika kunyumba ndinatsegula fayilo ya mandasi ija n'kuchita render fulemu yomwe ndinkaidziwa bwino. Inatha pa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, kutentha kuli cha m'ma 80, batire osatsika. Ndinaisiya usiku wonse ndipo m'mawa ndinapeza ikupitirira. Ndinasangalala, kenako ndinapsa mtima kwambiri, chifukwa zikutanthauza kuti chaka chonse ndakhala ndikugwiritsa ntchito theka la makina omwe ndinalipira athunthu.

Mnzanga wa m'kalasi wandifunsa sabata ino ngati nayenso agule yamtundu womwewu. Ndamuuza kuti kwa wophunzira mphamvu yake ikukwanira. 4GB ya khadi imadzaza ukachulutsa ma texture akuluakulu, ndipo utsi ndi madzi zimaichedwetsa, koma character animation, Eevee, keying ndi tracking imachita. Ndamuuzanso kuti apite ndi fulashi ya Blender, ilipo ya zip yosafuna kuikidwa, pamodzi ndi fayilo yoyesera ngati Classroom yomwe ili yaulere pa webusaiti ya Blender, achite render mphindi 20 m'shopu momwemo akuyang'ana kutentha ndi batire. Atembenuze chaja achulukitse manambala awiri aja. Waranti ilembedwe pa lisiti. Wogulitsa akakana zimenezi, mashopu ndi ambiri ku Limbe.

Ine ndinabwereranso kwa bambo a shopu ya ku Limbe aja nditanyamula chaja zonse ziwiri ndi fani ya guluu m'kapepala. Ulendo uno sindinakweze mawu, ndinangozindandalika pa kauntala makasitomala ena akuona. Za fani anakana, akuti katundu amabwera m'mabokosi ndipo iwo satsegula m'kati. Mwina n'zoona. Za chaja anasowa chonena, chifukwa anaisankha okha m'katoni ya pansi pa tebulo ine ndili pomwepo. Anayamba ndi kunena kuti ndiwabwezere ya mawati 65 andichotsere K10,000. Titakambirana kwa nthawi anavomera K40,000, n'kutumiza K15,000 pa Mpamba nthawi yomweyo, yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi. Mwezi unatha, foni yanga ikalowa amati ali ku banki.

Ndikaphatikiza kugula, RAM, amisiri ndi chaja, laputopu iyi yandidya K1,148,000, kuchotsapo K15,000 yabwerayo. Pa mtengo umenewo ikadali yotsika poyerekeza ndi yatsopano, ndipo tsiku lomwe render yayenda bwino ndimati ndinachita bwino kugula. Tsiku lomwe magetsi athima ndimaganiza zina, chifukwa batire, itakokedwa chaka chonse ndi chaja yolakwika ija, tsopano imangosunga moto mphindi 20, zokwanira kusunga fayilo n'kutseka. Amisiri akuti yatsopano ndi K120,000 ndipo aiitanitse kunja. Ntchito yomaliza ya temu ino ikufunika mu Ogasiti, ndiye batire idikira kaye. Loweruka ndikupitanso ku Limbe kukatenga K25,000 yanga.